Galimoto yakale ya m'misewu yoipa ikamatentha injini: kufufuza vuto musanagule sipeya

Tsiku limene Land Rover yanga inawira koyamba ndinali pa msewu wochokera ku Nkhata Bay kukwera ku Mzuzu, m'mwezi wa Okutobala, nditanyamula matumba a chinangwa ndi anthu anayi. Muvi wa geji unayamba kukwawira kofiira pang'onopang'ono, kenaka kunamveka fungo la dzimbiri lotentha, ndipo nditaima pambali pa msewu nthunzi inkatuluka m'mbali mwa boneti ngati mphika wa nyemba. Galimotoyo ndi Series III, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ya injini ya petulo ya malita 2.25. M'milungu yotsatira ndinagula pampu ya madzi yatsopano, ndinalola kuti achotse thermostat, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera kuti atsegule hedi, chitsulo chovindikira pamwamba pa injini, koma vuto silinathe. Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachikulire wa ku Luwinga, amene asanagwire n'komwe sipanala anandifunsa kuti, "Bambo, kodi galimotoyi imatentha nthawi yanji? Ikaima, ikamathamanga, kapena ikamakwera phiri?" Funso limeneli ndilo ndikufuna kulifotokoza bwino, chifukwa nthawi imene injini imatentha ndi imene imaloza kumene kuli vuto, ndipo munthu amene sanayankhe funsoli amangomwaza ndalama zake pa masipeya mongoyerekeza.

Injini imawotcha mafuta, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafutawo limasanduka kutentha kumene kuyenera kunyamulidwa ndi madzi. Pampu, yoyendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini, imakankha madzi kudutsa m'njira za mkati mwa buloko ndi hedi, madziwo amatenga kutentha n'kupita nako ku rediyeta kudzera pa payipi ya pamwamba, amatsika m'timachubu tating'ono pamene mphepo ikuwomba pa tizitsulo topyapyala ta pakati pake, kenaka amabwerera ku injini kudzera pa payipi ya pansi atazizirako. Pa khomo lotulukira madzi pali thermostat, imene imatseka injini ikadali yozizira n'kutseguka ikafunda. Choncho injini imatentha mopitirira pa zifukwa zinayi zokha: madzi achepa, madzi sakuyenda bwino, mphepo sikudutsa bwino pa rediyeta, kapena injiniyo ikupanga kutentha kochuluka kuposa kumene inapangidwira. Vuto lililonse limene makaniko angatchule limagwera m'gulu limodzi mwa amenewa.

Kuno kumpoto malo athu amawonjezerapo china chimene ambiri sachiwerengera. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pa mamita 300 alionse amene munthu wakwera, madigiri owirira amatsika ndi imodzi, kotero kuti ku Mzuzu, kumene kuli pa mamita pafupifupi 1,250, madzi amawira pa madigiri 96, ndipo pamwamba pa Nyika amawira asanafike n'komwe pamenepo. Kuchokera pa nyanja ku Nkhata Bay kufika ku Mzuzu galimoto imakwera mamita oposa 700, ndipo pa Chiweta kapena pa msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, wa makona akuthwa 20, injini imagwira ntchito yaikulu galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa. Galimoto imene imayenda bwinobwino m'tauni m'nyengo yozizira ya Juni ikhoza kukhala ndi rediyeta yotsekeka theka mwini wake osadziwa, mpaka tsiku limene adzaitsitsire kunyanja m'chilimwe.

Chinthu choyamba kutsimikiza ndi chakuti geji ikunena zoona. Mu Series III geji ya kutentha ndi geji ya mafuta zimalandira moto kuchokera ku kachipangizo kamodzi kamene kamasunga magetsi pa mavoti 10, ndipo kakawonongeka kapena waya wake wa earth akachita dzimbiri, mageji onse awiri amaloza pamwamba. Mukaona kuti muvi wa kutentha wakwera ndipo thanki imene munathiramo mafuta ochepa ikuoneka yodzaza, kayikirani magetsi musanakayikire injini. Bodza la geji loopsa kwambiri ndi la mbali inayo. Kachipangizo koyeza kutentha kamawerenga bwino kakamira m'madzi, ndiye madzi akatayika n'kukasiya pa mpweya, geji ikhoza kuloza pakati kapena kutsika kumene pamene hedi ikupsa. Eni Land Rover Defender za injini ya 300Tdi, imene inayamba mu 1994, amalidziwa vutoli, ndipo ndimalangiza aliyense wa galimoto yotere kuikitsa alamu yolira madzi akachepa, chifukwa mtengo wake sungafanane ndi wa hedi.

Geji ikakhala yoona, onani madzi m'mawa injini isanalizidwe. Ngati achepa, ndiye kuti pali pamene akutulukira, ndipo kumangowonjezera tsiku ndi tsiku n'kudzinamiza. Malo odontha amasiya chizindikiro, kamzere koyera kapena kofiirira pamene madzi anaumira. Yang'anani pa mfundo za mapayipi, pa msoko wa thanki ya rediyeta, pa kabowo ka pansi pa pampu ya madzi, pa tizivindikiro tachitsulo ta m'mbali mwa buloko timene timadyeka ndi dzimbiri kuchokera mkati, ndiponso pansi pa mapazi a wokwera kutsogolo, kumene hitala yoboola imanyowetsa. Pa 300Tdi pali gasiketi ya kuseri kwa nyumba ya pampu imene amaitcha P gasket, ndi timapulagi tapulasitiki ta pamwamba pa rediyeta ndi pa nyumba ya thermostat, timene timauma n'kuthyoka tikakalamba. Kudontha kwina kumaoneka pokhapokha madzi akapanikizika, ndipo galaja yabwino imakhala ndi kapampu ka pamanja kopopera mpweya m'rediyeta kuti malo otere aonekere injini ili yozimitsa.

Chivindikiro cha rediyeta ndi chinthu chotsika mtengo kuposa zonse, komanso ndi chimene chimanyozedwa kwambiri. Ntchito yake si kutseka kokha ngati chotsekera cha botolo. Chili ndi sipuling'i imene imasunga madzi mopanikizika, ndipo madzi opanikizika amachedwa kuwira: psi imodzi iliyonse (psi ndi muyezo wa kupanikizika) imakweza madigiri owirira ndi pafupifupi imodzi ndi theka. Chivindikiro cha 9 psi cha Series III chimapatsa injini madigiri owonjezera oposa khumi, amene pa Chiweta ndiwo amasiyanitsa kufika pamwamba ndi kuima pa kona. Labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga, amatayikira pa kapayipi ka pambali, ndipo mwini galimoto amaganiza kuti injini yatha. Musagule chivindikiro cha psi yochuluka kuposa imene opanga anaika poganiza kuti mukuthandiza, chifukwa rediyeta yakale ya mkuwa ikhoza kuphulika msoko.

Tsopano tibwerere ku funso la madala aja. Galimoto imene imatentha ikaima kapena ikamakwawa m'matope ndi m'miyala, koma n'kuzizira ikangothamanga pa phula, ili ndi vuto la mphepo. Pothamanga mphepo imalowa yokha, koma poima ndi fani yokha imene imaikoka. Series III ili ndi fani yachitsulo yomangidwa molunjika pa pampu, choncho pamenepo muone lamba, amene akakanikizidwa ndi chala pakati ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo akakhala wonyezimira m'mbali ndiye kuti akuterereka. Defender ndi Land Cruiser zambiri, kuphatikizapo za injini ya dizilo ya 1HZ ya malita 4.2, zili ndi fani yokhala ndi kabokosi ka mafuta a silicone pakati, kamene kamagwira mwamphamvu mphepo yochokera ku rediyeta ikatentha. Mafutawo akatha fani imaoneka ikuzungulira koma ilibe mphamvu. Zimitsani injini ikatentha, muikankhe fani ndi dzanja: ikazungulira momasuka kangapo, yafa. Onaninso ngati chikombole chozinga fani chilipo, chifukwa amakaniko ena amachichotsa kuti manja azilowa bwino osachibwezeretsanso, ndiye fani imangokoka mphepo ya m'mbali m'malo mwa yodutsa pa rediyeta.

Galimoto imene imatentha ikamathamanga nthawi yaitali kapena ikamakoka katundu pa chikweza, koma n'kukhala bwino poima, nthawi zambiri ili ndi rediyeta imene yachepa mphamvu, kunja kapena mkati. Kunja kumatsekeka ndi matope a dzinja amene aumira pakati pa tizitsulo, ndi njere za udzu, makamaka kwa amene amayenda ku Nyika ndi ku Vwaza kumene udzu umafika pa boneti. Walitsani tochi kuseri kwa rediyeta muli kutsogolo. Pamene kuwala sikukudutsa, mpheponso sikudutsa. Tsukani ndi madzi a payipi ofatsa kuchokera kumbali ya injini kulowera kunja, osati ndi makina a mphamvu a kotsukira magalimoto amene amapinda tizitsulo tija. Magetsi akuluakulu ndi winchi zimene ena amaika kutsogolo zimatsekanso njira ya mphepo. Kutsekeka kwa mkati kumadziwika motere: injini ikafunda, izimitseni, kenaka yendetsani chikhatho mosamala pa nkhope ya rediyeta. Iyenera kukhala yotentha pamwamba n'kumazizirira pansi mofanana mbali zonse, ndipo mukapeza chigawo chozizira pakati pa malo otentha, machubu a pamenepo atsekeka. Payipi ya pansi nayo ikafewa imatha kuphwatalala injini ikamathamanga chifukwa cha kukoka kwa pampu, n'kubwerera m'malo mwake mukasiya kuponda mafuta, kotero kuti simungaigwire pokhapokha wina aponde inu mukuyang'ana.

Galimoto imene imatentha patangopita mphindi zochepa chilizireni, payipi ya pamwamba ili yozizira, ili ndi thermostat yokakamira kapena pampu imene mapiko ake anadyeka. Pano ndikufuna kuchedwapo, chifukwa chizolowezi chochotsa thermostat chinakhazikika m'magalaja athu ngati lamulo, ndipo chikuwononga injini zambiri. Anthu amati chipangizochi anapangira mayiko ozizira a ku Ulaya ndipo kuno sichifunika. Koma thermostat yabwino ikatseguka siletsa kanthu, ndipo m'injini zambiri imagwira ntchito ziwiri: ikamatsegula njira ya ku rediyeta imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazunguliramo injini ikadali yozizira. Mukaichotsa, kanjira kachidule kaja kamakhala kotseguka, madzi ena amangobwerera ku injini osapita ku rediyeta, ndipo pa chikweza galimoto ikhoza kutentha kuposa kale. Potsetsereka komanso m'mawa wa ku Mzuzu kapena wa ku Chikangawa injini imayenda yozizira kwambiri, mafuta sapsa bwino, amatsuka oyilo pa makoma a masilinda, ndipo maring'i amatha msanga. Kuyesa thermostat n'kosavuta. Imangeni ndi kawaya, muilendewetse m'poto wa madzi pa mbaula osaigunditsa pansi, ndipo iyenera kuyamba kutseguka pa madigiri amene adindidwa pa thupi lake, 74 kapena 82 pa Series, 88 pa Tdi, n'kupitiriza kutseguka madzi akamatenthera. Ikalephera, gulani ina ya mtundu womwewo. Pampu ya madzi muiyese pogwedeza fani injini ili yozimitsa, ndipo ikamagwedera kapena kulira ndiye kuti bering'i yatha.

Pali nthawi zina pamene njira yonse yoziziritsa ili bwino koma injini ikupanga kutentha kopitirira. Pa injini ya petulo, taiming'i (nthawi imene moto umayatsa mafuta) yochedwa imachititsa kuti mafuta azipsa mochedwa, kutentha kwambiri n'kupita ku hedi m'malo mokankha pisitoni, ndipo kabureta yopereka petulo wochepa imachitanso chimodzimodzi. Pa dizilo ndi mafuta ochuluka amene amatenthetsa, ndipo utsi wakuda pa chikweza ndi chizindikiro chake. Mabuleki ogwira, oyilo wochepa, ndi katundu wopitirira muyezo zimawonjezera mtolo. Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake. Dalaivala amene amakakamira giya yaikulu pa phiri, injini ikubuula, amachedwetsa pampu ndi fani pa nthawi imene zikufunika kwambiri. Kutsika giya imodzi, kapena kulowa low range, magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono, pa msewu ngati wa Golodi, kumapeputsa injini n'kufulumizitsa madzi.

Za madzi amene timathiramo sindingazidumphe, chifukwa ndiwo gwero la kutsekeka kumene ndatchula. Madzi a pa mjigo ndi a mumtsinje amakhala ndi mchere ndi dothi, zimene zimamatirira m'machubu monga zimachitira mu ketulo, ndipo madzi opanda mankhwala amadya chitsulo cha buloko, dzimbiri lake n'kukasonkhana m'rediyeta. Mankhwala amene timawatcha coolant, ngakhale ena amawaona ngati oletsa madzi kuundana basi, ntchito yake yaikulu kwa ife ndi kuletsa dzimbiri ndi kukweza madigiri owirira, ndipo akasakanizidwa theka kwa theka ndi madzi oyera amawira pa madigiri pafupifupi 107 ngakhale popanda chivindikiro. Pa injini za hedi ya aluminiyamu, monga 200Tdi ya 1990 ndi 300Tdi, kuyenda popanda coolant n'kudyetsa hedi dala. Mtundu wakale uyenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo mitundu yosiyana isasakanizidwe. Mankhwalawa ndi poizoni wotsekemera, choncho musawasiye m'beseni pamene ana kapena agalu angafike. Dzira kapena ufa umene ena amathira m'rediyeta kuti atseke kudontha ungakufikitseni kunyumba usiku umodzi, koma umatsekanso machubu abwino, ndipo mawa lake rediyetayo iyenera kutsukidwa.

Gasiketi ya hedi ndaiika kumapeto dala, chifukwa ndi imene anthu amathamangira kuitchula pamene ndiyo yodula ndipo nthawi zambiri imakhala chotsatira cha kutentha, osati chiyambi chake. Zizindikiro zake n'zodziwika. Mukachotsa chivindikiro injini ili yozizira n'kuiliza, mumaona thovu likutuluka mosalekeza. Mapayipi amauma gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri. Utsi woyera wonunkhira motsekemera umapitirira ngakhale injini itafunda. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Ndipo madzi amatha popanda podontha. Pali mankhwala abuluu oyezera amene amasintha mtundu akakumana ndi utsi wa injini m'khosi mwa rediyeta, ndipo ndi bwino kuumirira kuyezaku musanalole kuti amasule bauti ngakhale imodzi. Hedi ikachotsedwa iyezedwe ngati yapindika komanso ngati yang'aluka, chifukwa ngakhale hedi zachitsulo za Series ndi 1HZ zimang'aluka zikapsa. Pobwezeretsa, mabauti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, motsatira dongosolo la m'buku, osati mongoyeza ndi mkono, ndipo pa Tdi gasiketi ikhale ya kukhuthala koyenera, kumene kumadziwika ndi timabowo ta m'mphepete mwake. Kuika gasiketi yatsopano osapeza chimene chinawotcha yakaleyo n'kukonzekera kulipiranso.

Vuto likakupezani panjira, zimene muchite m'mphindi zoyamba ndizo zimapulumutsa injini kapena kuipha. Muvi ukayamba kukwera, yatsani hitala mpaka pamapeto ngakhale kunja kukutentha, chifukwa ndi karediyeta kachiwiri, ndipo funani malo abwino oimapo. Ngati nthunzi sikutuluka, madzi sakutayika ndipo lamba akuzungulira, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kuti madzi apitirize kuyenda. Ngati nthunzi ikutuluka kapena madzi akukhuthuka pansi, zimitsani nthawi yomweyo. Musatsegule chivindikiro pasanathe theka la ola, ndipo potsegula ikanipo chiguduli chokhuthala, mupotoze pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka nkhope yanu ili kumbali, chifukwa madzi opanikizika amawira nthawi imodzi akangomasulidwa ndipo amasupula khungu. Musakhuthulire madzi ozizira m'injini yotentha kapena pamwamba pake, popeza chitsulo chimang'aluka. Ikazizira, wonjezerani pang'onopang'ono injini ikulira kuti mpweya utuluke, ndipo pa phiri musaiwale kuika mwala kuseri kwa tayala.

Land Rover yanga inali m'gulu lachiwiri lija, lotentha pa chikweza chokha. Madala a ku Luwinga anaiyendetsa mpaka inafunda, anaizimitsa, n'kunditengera dzanja langa pa nkhope ya rediyeta, ndipo mbali yonse ya kumanzere inali yozizira ngati galimoto sinalire n'komwe. Atasungunula msoko n'kuchotsa thanki ya pamwamba, ndinaona ndi maso anga machubu atadzaza dzimbiri lofiira lolimba ngati dothi la pa chulu, zotsatira za zaka zambiri za madzi a pa mjigo. "Pampu imene munagula ija inalibe mlandu, bambo," anatero akupukuta manja. Tinaika machubu atsopano m'rediyeta, tinatsuka buloko mpaka madzi anatuluka oyera, tinabwezeretsa thermostat ya 82 ndi chivindikiro chatsopano, n'kuthira coolant. M'mwezi wa Novembala ndinatsikira nayo ku Chitimba, ndipo pobwerera ndinakwera Chiweta masana, pa giya yachiwiri kumbuyo kwa thiraki ya malasha, muvi uli pakati mpaka pa Phwezi.